Tsiku limene ndinagwa m'malo mwa aNankhoma

Kale, inu musanabadwe, m'masiku amene kanema pa Namitete ankaonetsedwa m'kachipinda kamodzi kokha, ndipo mafoni anali a aphunzitsi ndi ansembe basi, munthu wodziwa kugwa m'sewero kuno anali mmodzi, ndipo munthuyo ndi amene akulankhula nanuyu. Choncho dzuka pamenepo Tadala, sansa fumbi m'chitenjemo, ubwere ukhale pa benchi pano. Wagwa bwino ndithu, sindikukana, ngakhale dzanja waliika mochedwa pamtima ndipo miyendo waiponya ngati mbuzi yozingidwa. Nanunso nonse siyani kaye ng'omazo mukhale pansi, sewero la Lamulunguli silithawa. Pali zimene ndikufuna mumve musanapite nalo pamaso pa anthu, chifukwa kagwedwe kameneka ndinakayambitsa ndine, ndipo kanatsala pang'ono kundiphera mlamu wanga.

Inu mumangondidziwa kuti aNambewe a kwaya, koma kafunseni amayi anu dzina limene ankanditcha. Ankati Mayi Fomu Folo. Ena ankatchula monyoza, koma ine ndinkavomera ndi mtima wonse, chifukwa m'mudzi mwathu monse mkazi amene anakhala pa desiki mpaka kulemba mayeso a Fomu Folo ndinali ine ndekha, ndipo Bayoloje ndinkaidziwa moti aphunzitsi ankandipatsa choko kuti ndijambule mtima pa bolodi, zipinda zake zinayi ndi mitsempha yake yomwe, anyamata ali kukamwa yasa. Kalata ikafika m'mudzi ankathamangira kwa ine. Munthu akapatsidwa mankhwala kuchipatala, wowerenga kapepala kake ndinali ine. Tsono gulu la masewero la pa tchalitchi pano litayamba, kodi mukuganiza kuti akanasankha ndani kukhala wotsogolera?

Masiku ano aliyense wa inu ali ndi kanema m'thumba, mumaonera muli chigonere, koma ife tinkayenda wapansi mpaka pa Namitete tsiku la msika n'kukapanikizana m'kachipinda kotentha kaja kuonera mafilimu a ku Nigeria. M'menemo ndimo tinaphunzira nthenda ya mtima. Wodwala nthawi zonse anali bambo wolemera, wa mimba yotsogola, wa nyumba yosanja, ndipo pankabwera munthu kudzamuuza uthenga woipa, iye n'kutong'ola maso, n'kugwira kumanzere kwa chifuwa ngati wabayidwa ndi mkondo, kenaka khu! pansi. Tonse tinkatuluka tikudziwa kuti mtima ukafuna kuima umatero. Ndi nthenda ya amuna, ya onenepa, ya odya nyama tsiku ndi tsiku, imabwera ndi uthenga woipa, ndipo imagwetsa. Munthu wowonda wolima fodya, tinkati ameneyo zake ndi malungo ndi msana.

Ine ndinatenga zimenezo n'kuzikonza kuposa eni ake. Ndinkavala jekete la amuna anga aNkhoma, mtsamiro ndalowetsa m'malaya, ndevu za makala, ndili bwana wa esiteti amene wamva kuti mabelo ake onse abwezedwa ku okushoni. Ndinkayamba ndi kugwetsa kapu. Kenaka dzanja pamtima, "Mayo ine, mtima wanga!", kuzungulira katatu, kugwira mpando, mpando n'kugwa, ine pambuyo pake ngati mtengo wa bulugamu. Ana inu, anthu ankalira! Ku Mpingu mayi wina analowa m'bwalo ndi chikho cha madzi n'kundikhuthulira kumaso. Ku Nsaru anatikakamiza kubwereza pogwapo kawiri. Anatiitana ku Kabudula, anatiitana ku Nambuma, ndipo sewero likatha ndinkaima pakati pa bwalo n'kunena ndi mawu a uphunzitsi kuti, "Mukaona munthu wachita chonchi, thamangirani naye kuchipatala." Ndinkati ndikupulumutsa miyoyo, eti.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sanawombe m'manja. Tsiku lina titasewera ku parishi, namwino wina wachikulire wa pa chipatala cha mishoni, wa imvi za m'mbali, anandipeza kuseri kwa holo ndikuchotsa mtsamiro uja.

"Mayi, mumagwa bwino," anatero.

"Zikomo, ambiri amatero," ndinayankha.

"Koma ine pa ntchito yangayi, odwala mtima ambiri amene ndawalandira amabwera akuyenda okha, makamaka amayi. Wina amati ndi chilungulira, wina amati ndangotopa, wina amati dzino likuwawa koma dzino lake osaliloza. Ena amangotuluka thukuta lozizira. Ogwa ngati inuwo alipo ndithu, koma osagwawo ndi amene amachedwa kunyumba."

Ndinawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, ndipo mumtima ndinati nsanje basi, awa sanawomberedwepo m'manja chibadwire. Ndinati, "Amayi, sewero la munthu wodandaula chilungulira angaonere ndani?" Iwo anangoseka n'kumapita. Mawu aja ndinawasiya pomwepo kuseri kwa holo, kapena ndinkayesa kuti ndawasiya.

Tsono imvani za mlamu wanga. ANankhoma ndi mlongo wawo wa amuna anga, wamkulu. Amuna awo anamwalira ana akadali aang'ono, ndipo munda wa fodya anapitiriza okha popanda kudandaulira munthu. Anali wowonda ngati bango, koma thumba la feteleza ankadzitwika okha. Nyama ankaiona pa Khirisimasi ndi pa ukwati, ndipo chipatala ankachidziwa popita kukazonda ena basi. Mukanafunsa mudzi wonse kuti ndani angadwale mtima, dzina lawo likanakhala lomaliza, pambuyo pa agalu ndi nkhuku.

Inali nyengo yothyola fodya, mvula ili pakati. Masiku ano mumalemba aganyu, koma ife tinkathandizana mosinthana, lero kwa uyu mawa kwa uyo, ndipo tsiku limenelo linali la kwa aNankhoma. Amuna anathyola m'mamawa, fodya anabwera pa ngolo maulendo atatu n'kuunjikidwa m'mbali mwa chigafa, ndipo ife amayi tinakhala mozungulira mulu uja tikusoka masamba n'kumapachika pa mikangala, timitengo tija toyanikapo fodya. Inu amene simunasokepo, dziwani kuti fodya wothyola sadikira munthu. Akagona pa mulu amatentha, amada, ndipo thukuta la chaka chonse lathera pomwepo.

Choyamba chimene ndinaona n'chakuti aNankhoma anapereka mkangala umodzi m'mwamba n'kubwerako akupuma ngati athamanga kuchokera kudambo. Atakhala pansi zinaleka. Ananyamukanso ndi mkangala wina, zinabweranso.

"Mlamu, mwatani?" ndinafunsa.

"Chilungulira. Thobwa lija lasasa."

Pomwepo analowerera aNaphiri, oyandikana nawo nyumba, mayi wa pakamwa posatseka. "Thobwa lanji? Fodya wakuledzeretsani ameneyu. Kasambeni m'manja mugoneko pang'ono."

Inu mukudziwa kuti fodya wamuwisi amaledzeretsa. Ukamuthyola ali ndi mame, ukali wake umalowa pakhungu, ndipo munthu umamva nseru, chizungulire, thukuta, mwina mpaka kusanza, koma ukasamba n'kupumula zimatha. Panalibe mmodzi pa mulu paja amene zinali zisanamuchitikirepo, choncho onse anavomereza. Ndipo ine, Mayi Fomu Folo, ndinagamula kuti ndi zonse ziwiri, chilungulira ndi fodya yemwe. Ndinapita ndekha kukhitchini kukatenga soda wa therere, n'kusungunula m'kapu, n'kuwapatsa ngati dokotala. Anamwa, anageya, anati, "Chayamba kutsika," ndipo tinapitiriza kusoka.

Dzuwa litafika pamutu, singano inawagwa m'dzanja lamanzere. Anaitola. Inagwanso. Ndinaona akusisita nsagwada ndi chikhatho chakuda ndi phula la fodya, nkhope yatuwa ngati phulusa, thukuta likutsika m'khosi pamene ife ena tinali titafunda zitenje chifukwa kunali kamphepo ka mvula. Ndinawagwira pakhosi. Kuzizira kwake ngati mtsuko wa madzi akumwa.

"Dzino, mlamu?"

"Si dzino ayi. Chilungulirachi chakwera, chafika m'nsagwada muno, china chatsikira m'dzanja ili. Ndiye pachifuwa pano ngati wina wandikhalira. Sikuwawa kwenikweni, kungolemera."

Ana inu, mawu a namwino uja anatuluka kuseri kwa holo kumene ndinawasiya n'kudzandiimirira pamaso onse: chilungulira, kutopa, dzino losaoneka, thukuta lozizira. Ndipo ndinakumbukiranso china. M'mawa umenewo aNankhoma sanalowe m'munda wa mame ayi, ankaphika maungu a anthu othandiza ntchito, komanso pa zaka zonse zimene anagwira fodya anali asanaledzerepo naye n'kamodzi komwe, ankatiseka ife kuti ndife a khungu la mazira.

Ndinaimirira. "Mlamu, uwu ndi mtima. Tiyeni kuchipatala tsopano lino."

Phwete limene linaphulika pamenepo! ANaphiri mpaka anagona chagada pa fodya. "Mtima? Mayi Fomu Folo, lero mwadya chiyani? Si inu nomwe mwatiphunzitsa? Wa mtima amakuwa, amazungulira katatu, amagwa. Awa akuwa? Awa agwa? Mimba ya ubwana ili kuti? Uthenga woipa wabwera ndi ndani, poti fodya wa chaka chino ngokongola chonchi?"

Eni akenso anandikana. "Ndisiye fodya pa mulu chifukwa cha chilungulira? Anamwino akandiseke? Nambewe, khala pansi usoke. Sukulu yakoyo ukatiphunzitse Lamulungu."

Ndinaitana amuna anga amene anali pamwamba m'chigafa akulandira mikangala. Anangosuzumira n'kunena kuti, "Ng'ombe zatopa, zayenda katatu. Akapanda kupeza bwino tipita mawa."

Mawa! Ndinatola kamtengo n'kuyamba kujambula mtima pansi, kuwafotokozera kuti mtima nawonso uli ndi timitsempha take toudyetsa magazi, ndipo kamodzi kakatsekeka mnofu wa mtimawo umayamba kufa munthu ali chikhalire. ANaphiri anayang'ana chithunzi chija n'kunena kuti, "Chakongola. Tijambulireninso chiwindi ndi mapapo tikazinge." Anthu kusekanso. Ine misozi inali pafupi, chifukwa ndinaona kuti khoma limene landitchingirali ndinaumba njerwa zake ndine, ku Mpingu, ku Nsaru, pa bwalo lomwe lino. Ndipo nthawi yonseyo mlamu wanga anali akulimbana ndi singano, milomo ikuuma.

Apa ndi pamene mutu wa sukulu unagwira ntchito yake, mvetserani bwino. Ndinaganiza kuti anthu awa amadziwa nthenda ya mtima imodzi yokha, ndipo mwini wake wa nthendayo ndine. Ndinaganizanso kuti kwathu kuno mkazi akamapita naye kuchipatala sapita ndi amuna okhaokha, pamakwera mayi wamkulu wapachibale womugwirizira, ndipo poti amayi anga anali kutali ku Kabudula, wokwera sakanakhala wina koma aNankhoma.

Ndinakhala pansi ngati ndagonja. Ndinasoka masamba angapo kuti aiwale. Kenaka ndinatola kapu ija ya soda, ndinaimirira ngati ndikupita nayo kukhitchini, ndinayenda mapazi anayi, n'kuigwetsa.

Tadala, ukanaona! Panalibe jekete, panalibe mtsamiro, koma chibadwire sindinagwepo ngati tsiku limenelo. Dzanja pamtima, maso m'mwamba, "Mayo ine, mtima wanga!", ndipo sindinazungulire katatu ngati pa sewero, ndinazungulira kamodzi ndi theka kuti zioneke zenizeni, ndinachita ngati ndikugwira mzati wa chigafa, ndinaphonya dala, kenaka khu! m'matope. Chigongono ichi chinamenya mwala, chipsera chake ndi ichi, bwerani muone, sindikunama.

Chipwirikiti chake! ANaphiri omwe aja ndiwo anayamba kulira mokweza. "Ndimanena ine! Maphunziro awa amawotcha magazi! Waona nthenda yake yomwe mwa mnzake, mayi wathu uyu!" Amuna anga anadumpha kuchokera pamwamba pa chigafa osayang'ana pogwera. Ng'ombe zotopa zija, sindikudziwa mphamvu zinazitenga kuti, zinalowa m'goli ine ndisanamalize kuphupha. Anthu anaponya matiresi pa ngolo, anandinyamula anthu anayi, ndipo ndili chitsinzinire ndinamva mawu amene ndinkawadikira.

"Patukani, ndikwera ndine. Mlamu wanga uyu. Naphiri, fodyayo umuone."

Kukwera kwake anachita kuwakankha kumbuyo chifukwa mwendo sunkafika, koma palibe amene anadabwa, onse maso anali pa ine.

Masiku ano mukanangoimba foni, njinga yamoto n'kufika musanamange mpango, koma nthawi imeneyo kunali ngolo, matope ndi Mulungu. Ndinagona mutu uli pa miyendo ya aNankhoma, iwo atatsamira thumba la mankhusu, ndipo thukuta lawo linkandidonthera pamphumi lozizira ngati mame. Ndinkamva mmene ankapumira, pang'onopang'ono, mobanika, komabe dzanja lawo lamanja lili pamutu panga akundisisita, akunong'ona Tikuoneni Maria. Pamenepo mantha anandigwira enieni. Ndinati, Nambewe, munthu mtima wake uli kale pa moto ndipo iwe wamuwonjezera mantha, akafera pa ngolo pano wamupha ndiwe.

Titawoloka kamtsinje, pamene ndinadziwa kuti kubwerera n'kutali kuposa kupitirira, ndinatsekula diso limodzi n'kunong'ona. "Mlamu, ine ndili bwinobwino. Musade nkhawa. Tsamirani, muzipuma pang'onopang'ono."

Dzanja lija linaima. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Nambewe," anatero chapansipansi, "ndikatsika pano ndikuthyola khosi."

"Mukandithyole kuchipatala konko."

Ngolo inapitiriza kugwedera m'maenje. Kenaka anawerama mpaka pakhutu panga. "Tseka disolo. Akadziwa abweza ng'ombe. Chinthuchi chandigwira zedi, mwana iwe, kungoti pa anthu paja ndimachita manyazi."

Mwamva? Manyazi! Munthu anali wokonzeka kufa ali ndi singano m'manja kuopa kusekedwa kuti wapita kuchipatala ndi chilungulira.

Choncho tinapitiriza ulendo, wodwala atakhala tsonga ngati wodwazika, wamoyo ali thasa ngati mtembo, ndipo kutsogolo amuna anga akukwapula ng'ombe uku akulira. ANkhoma amene inu mumawadziwa, osalankhula aja, oti kuwafunsa ngati ndiwo zakoma amangoti "zadyeka." Tsiku limenelo ndinamva zimene sindinamvepo chikwatiwire. "ANambewe, musandisiye! Ndani adzandiwerengera makalata? Mkazi wanzeru m'dziko lonse lino! Ndikugulirani nsapato zija, ndikugulirani! Tiye Kaputeni, tiye!" Ndinaluma chitenje kuti ndisaseke, ndipo ndinamva mimba ya mlamu wanga ikugwedezeka, nawonso akulimbana ndi phwete pakati pa ululu wawo.

Tinalowa pa geti la chipatala aNkhoma akukuwa kuti, "Mtima! Mtima! Thandizeni, mkazi wanga!" Anthu awiri anathamanga ndi kabedi ka matayala, ndipo pambuyo pawo, Mulungu si munthu, namwino yemwe uja wa imvi za m'mbali. Asanandigwire ndinadzuka, ndinadumpha pa ngolo ndi miyendo yanga iwiri, matope thupi lonse, magazi pachigongono, n'kuloza mlamu wanga.

"Wodwala ndi awa. Chilungulira kuyambira m'mawa, chafika m'nsagwada ndi m'dzanja lamanzere, pachifuwa pakulemera, thukuta lozizira, akanyamula kanthu akubanika. Anakana kubwera."

Ndinanena zonsezo mosapunthwa ngati ndikuyankha mayeso. Namwino uja anandiyang'ana, anandizindikira, koma sanataye nthawi ndi ine. Anagwira aNankhoma pamkono ndi pakhosi, anawaletsa kutsika okha, ndipo anawagoneka chotsamira pa kabedi kaja n'kuthamanga nawo. Ndili pakhomo ndinaona akuwapatsa asipirini kuti atafune, akuwaveka kachubu ka mpweya m'mphuno, akuwamata timawaya pachifuwa tolumikiza ku makina olemba kagundidwe ka mtima pa pepala. Dokotala anayang'ana pepala lija, anayang'ananso, ndipo nthawi yomweyo analamula kuti ambulansi ikonzeke kupita nawo kuchipatala chachikulu mtauni. Atatuluka anandifunsa kuti zinayamba nthawi yanji, ndinawauza, ndipo anati mtsempha wina wodyetsa mtima watsekeka, ndipo tikanadikira mawa mwina sitikanabwera ndi munthu wolankhula. Mtsempha, ana inu! Womwe uja ndinajambula pansi ndi kamtengo aNaphiri akufuna kukazinga!

Ambulansi isananyamuke namwino uja anabwera ndi thonje kudzanditsuka pachigongono. Ndinawafotokozera zonse. Anaseka mpaka kupukuta misozi, kenaka anati, "Lero ndiye mwagwa bwino zedi, mayi." Ndipo anawomba m'manja katatu, okha, pa khonde la chipatala. Ku Nsaru anandiwomberapo anthu odzaza bwalo, koma m'manja mwa tsiku limenelo ndi mmene ndimamvabe mpaka lero.

Nanga amuna anga? Ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo pafupi ndi ngolo, chipewa chili m'manja, akuyang'ana ng'ombe. Ine ndinakwera ambulansi kukadwazika mlamu wanga, ndinakhala nawo masabata awiri, ndipo titabwerako aNkhoma anatilandira bwino, anapha nkhuku, koma titatsala awiri anakhosomola n'kunena kuti, "Zija ndimanena pa ngolo zija, ndimauza ng'ombe." Ndinati, "Chabwino, koma Kaputeni nsapato savala." Nsapato zinagulidwa. Zofiira, za kogoda, zimene ndinavala pa ukwati wa amayi ako, Yamikani.

Fodya sanawonongeke ngakhale tsamba limodzi. ANaphiri anasonkhanitsa amayi onse n'kumaliza kusoka tsiku lomwelo, ndipo atamva zoona zake anabwera kwathu manja ali m'chiuno. "Iwe, ndinakulirira mpaka mawu kutha! Misozi yanga ubweze!" Ndinawauza kuti asunge, adzagwiritsa ntchito tsiku lenileni. Koma pochoka anatembenuka pakhomo n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Paja unati nsagwada ndi chiyani china?" Ndinawabwerezera zonse, ndipo tsiku limenelo sanaseke.

Tsono musatuluke pano mukuti aNambewe atiphunzitsa kunamizira kudwala. Ayi. Bodza lija ndinakalapa, ndipo ansembe anakhosomola nthawi yaitali kuseri kwa kansalu asanandipatse malipiro a machimo. Linali bodza loopsa, likanatha kumaliza munthu amene ndinkafuna kupulumutsa, ndipo ndinafika pamenepo chifukwa choti ine ndemwe ndinali nditaphunzitsa anthu theka la choona. Alipo ndithu amene mtima umawagwira ndi ululu woopsa pachifuwa, alipo amene amagwa mwadzidzidzi, ndipo amenewo aliyense amathamanga nawo popanda kuuzidwa. Koma theka linalo ndi la anthu ngati mlamu wanga, amene nthenda imawalowa mwaulemu ngati mlendo wogogoda, ndipo amaipatsa dzina la chinthu chimene anazolowera.

Zambiri zasintha. Muli ndi mafoni, muli ndi njinga zamoto, kuchipatala amayeza kuthamanga kwa magazi ndi shuga munthu asanadwale, ndipo amene ali ndi matenda awiriwa amauzidwa kuti azikhala tcheru ndi mtima. Koma ndikasuzumira m'mafoni mwanumo ndimaona bwana yemwe uja akugwirabe pachifuwa, akugwabe khu!, ndipo lero ndalowa pano ndapeza Tadala ali thasa pa fumbi monga ndinkachitira ine. Ndiye ndikukupemphani, ana anga, mukakhala kunyumba muziwayang'ana amayi anu ndi agogo anu, amene sadandaula msanga. Mukamva akuti chilungulira koma chilungulira chake sichikutha, chikukwera m'khosi kapena m'nsagwada, chikutsikira m'dzanja kapena kumsana, akuti pachifuwa pathina kapena palemera, akubanika pa ntchito imene dzulo ankaigwira akuimba, akutuluka thukuta lozizira kapena kutopa kosadziwika chiyambi chake, musawapatse soda ngati mmene ndinachitira ine, ndipo musati mawa. Pitani nawo nthawi yomweyo. Zikakapezeka kuti chinali chilungulira chenicheni, mudzabwerera mukuseka, ndipo palibe namwino wanzeru amene angakunyozeni. Manyazi amatha pofika madzulo.

Tsopano dzukani tikonze seweroli. Mtsamiro uwo chotsani, jeketelo bwezerani mwini wake. Tadala, sukhalanso bwana wa esiteti, ukhala mayi wowonda wosoka fodya. Ukhala pansi apa, uzisisita nsagwada, singano ikugwe kawiri, ndipo akakufunsa uziti palibe kanthu. N'kovuta kuposa kugwa, ndikuuze, chifukwa uyenera kuwaopsa anthu uli phee, koma uli m'manja mwa Mayi Fomu Folo, utha. Yamikani, iwe ukhala aNaphiri, pakamwa uli napo kale.

Ndipo Lamulungu mukaona nkhalamba yowonda ya mutu woyera yakhala pa benchi yakutsogolo, botolo la mapilisi ake lili pa mfundo ya chitenje, musaiuze kuti isunthe. Amenewo ndi aNankhoma. Ndawauza kale kuti sewero lasintha, ndipo ati abwera kudzaona ngati iwe Tadala ukusisita nsagwada moyenera. Khosi langa sanalithyolebe mpaka lero, amati akudikira apeze mphamvu. Tsono Tadala, singano ikakugwa kachiwiri n'kumva mawu kutsogoloko akukuwa kuti, "Mutengeni ameneyo, musadikire agwe!", usaiwale mawu ako, ndipo usawaletse. Asiye akuwe mpaka a kumbuyo amve.